Chitengwa Changa Chaima pa Deus

Lolemba

Lero ndayamba ntchito imene idzandiika pa wailesi. Ndikulemba m'kabuku kano kuti adzukulu anga asadzati agogo ankanama.

Nkhani ili chonchi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili pa chikamwini kuno ku Tsangano, mu Mozambiki. Zisanu ndi chimodzi! Ndalima kachewere woti Tete yense adye mpaka atupidwe. Ndafolera nyumba ya apongozi kawiri. Ndakumba chimbudzi chakuya moti ukaponyamo mwala lero, phokoso ulimva mawa. Uku kwathu ku Chidzolomondo nyumba yanga yamalata ili chiimire, mukungogona mileme. Ndikufuna chitengwa basi: nditenge mkazi wanga Rozita ndi mwana wathu Nelito, tikakhale kwathu, ndikalime fodya m'munda mwanga.

Oti avomereze ndi anthu awiri okha, ankhoswe athu: a Fabiyao, malume ake a Rozita, ndi a Saize, amalume anga. Akhale pansi, akambirane. Nkhani yoti itha tiyi asanazizire.

Vuto ndi tenesi.

Madala awiriwa anali limodzi ku Malawi nthawi ya nkhondo, akali anyamata. Wansembe wina pa mishoni ankawatuma kutola mpira, kenako anawaphunzitsa kumenya. Pobwerera kuno anthu anasenza mapoto ndi mabulangete, iwo anasenza marakete awiri amatabwa. Kuchokera apo ali ndi lamulo lawo: akakumana, jogu kaye, ndiye kuti masewera, nkhani pambuyo. Jogu imodzi yokha, mawondo salola zambiri.

Chaka chatha: jogu, mkangano wa mapontu, amalume anakwera chapa, minibasi yathu, osatsanzika.
Chaka chinacho: jogu, mkangano wa mapontu, rakete ya a Fabiyao inagona padenga la tchalitchi masiku atatu.
Nkhani yanga: sinatsegulidwepo ndi pakamwa pomwe.

Amalume akubwera Loweruka. Jogu ndi Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi. Koma ulendo uno pali ine! Ndikupanga pajina, tsamba la pa foni lowerenga mapontu. Foni sinama. Foni ilibe mbale. Ikanena kuti wapambana ndi uje, jogu yatha, mipando pansi, chitengwa m'thumba. Ndanena kale zimenezi pamsika, pachigayo ndi pa mjigo. Mbuzi zokha ndi zimene sizinamve.

Zimene pajina yanga idzachite:
1. Kuwerenga mapontu.
2. Kulankhula ndi mawu, m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi.
3. Kuwomba m'manja.
4. Kuonetsa chithunzi cha wopambana atavala chipewa.
5. Kupangitsa azungu a ku Ulaya kubwera kudzandifunsa nzeru. Njira ndi yoipa, koma adzafika.

Wondithandiza pang'ono, kungondigwirira makwerero, ndi alamu anga a Jasinta, akulu ake a Rozita, porofesora wa kompyuta ku sekondale ya pa boma. Ndawauza masana ano. Aseka mpaka agwira chipupa. Akuti, "Alamu, inu amene munathawa kinta kalasi, kalasi yachisanu yokha, chifukwa cha tabwada, masamu ochulukitsa aja?"

Nsanje. Ndinasankha mng'ono wawo, mpaka lero zikuwawawa.

Lachiwiri

M'mawa kwa a Fabiyao kukaphunzira kawerengedwe. Chipewa m'manja, ine pa chitsa, iwo pampando. Akusoka ukonde wa tenesi ndi masaka a kachewere. Kuzizira koti mphuno ukuifunafuna ndi dzanja.

Iwo amawerenga m'Chingerezi cha wansembe uja. Ine ndimawerenga m'Chipwitikizi ngati munthu wabwinobwino. Ndalemba motere:

Lavu. Ndiye kuti ulibe kanthu. "Koma mawuwo amatanthauza chikondi," akutero. Eti! Wopanda kanthu ali ndi chikondi. Ngati ine tsiku limene ndinafika pamudzi pano ndi thalauza limodzi.

Fifitini. Kinze. Wangopambana kamodzi, akupatsa kinze! Sikola ikanakhala yopatsa chonchi bwenzi ndili dotolo.

Sate. Trinta.

Fote. Kwarenta.

Apa ndakweza dzanja. Kinze, trinta, kenako pamabwera kwarenta-i-sinku, fote-faifi, ngakhale wothawa tabwada akudziwa. Sinku yapita kuti? A Fabiyao akuti, "Kafunse malume ako."

Ukakhala pa fote n'kupambananso, jogu ndi yako. Koma onse awiri akafika fote-fote?

"Pamenepo ndi dyusi."

Ndafunsa kuti, Deus?

"Eya, dyusi." Khutu lawo lakumanzere linatsalira ku Malawi, koma agwedeza mutu kawiri.

Nanga pambuyo pake?

"Pambuyo pake ndi pomwe malume ako amayamba kuba!" Aimirira, singano m'manja, chifuwa chawagwira. Ndatsanzika msanga.

Njira yonse ndikuganiza, ndipo zikugwirizana bwino lomwe. Deus m'Chipwitikizi ndi Mulungu, mwana aliyense wa katekezi akudziwa. Masewera ophunzitsidwa ndi wansembe, oyamba ndi chikondi, angathere kuti? Kwa Mulungu! Anthu awiri akalingana, mlandu umapita kumwamba, palibe wopambana, jogu yatha. Madala awa zaka zonsezi akukanganira pamalo poti agwade. Wansembe uja anawauza, iwo sanamve. Zadikira mkamwini.

Chakumasana kwa a Jasinta. Anditsegulira kompyuta. Kodigo, ndiye mawu amene umalemba kuti foni imvere, ikuoneka ngati nkhuku yaponda inki n'kuthamanga papepala. Sindinaonetse mantha. Ndangoti, eya, ndi zomwezi.

Akuti pajina ili ngati nyumba. Umamanga zipupa, umapaka laimu, kenako umaika munthu m'katimo woti aziyankha ukagogoda. Zipupa tamanga lero: mabotawu awiri akuluakulu, limodzi la a Fabiyao, lina la amalume. Ndadina. Palibe chachitika. "Munthu sanalowe m'nyumba," akutero. Ndadinanso mwamphamvu. "Alamu, si belu la njinga ilo."

Chilembo choyamba ndalemba ndekha ndi chala changa. Chachiwiri sindinachipeze, anachibisa pakona.

Ndauza Rozita ayambe kumanga katundu. Wangoti, "Mmm," n'kupitiriza kusenda nyemba.

Lachitatu

Munthu walowa m'nyumba! Koma ndi wamisala.

A Jasinta anali ndi ana m'kalasi, andisiyira kompyuta ndi pepala la malangizo. Pepalalo ndaliwerenga theka, theka linalo ndalimva mumtima. Ndalemba kuti ukadina botawu, iwonjezere kinze. Ndadina la amalume: 15. Ndakuwa mpaka mlonda wa sikola wasuzumira pawindo. Ndadinanso: 1515. Ndadinanso: 151515.

Amalume ali ndi mapontu oposa nyemba za m'nkhokwe. A Fabiyao ali chiimire pa zero. Zikanachitika Lamulungu izi, bwenzi maliro ali anga.

A Jasinta abwera, ayang'ana, akhala pansi kuti aseke bwino. Akuti ndaiuza foni kuti kinze ndi mawu, osati nambala, ndiye m'malo mophatikiza ikungondanditsa ngati njerwa. Ine ndati ndimaiyesa dala kuti ndione ngati ili maso. "Siyani kuphatikiza," akutero. "Tenesi yanuyi ilibe masamu. Lembani mndandanda, foni izingotsika makwerero." Ndiye talemba: CHIKONDI, 15, 30, 40. Pa zero ndaumirira kuti pakhale CHIKONDI. Ungalembe bwanji zero pansi pa dzina la munthu wamkulu, mudzi wonse ukuona? Ine ndinaleredwa.

Ndawauzanso za fote-fote. Zilembo zazikulu, zachikasu, zodzaza foni yonse: DEUS. Mabotawu afe. Andifunsa ngati ndatsimikiza. Iwo tenesi saidziwa, amadziwa netibolo. Ndati ndamva ndi makutu anga kwa malume awo omwe. Alemba.

Zimene tachotsa lero:
Kulankhula ndi mawu. Akuti zimenezo ndi za mwezi wathunthu. Palibe kanthu, mawu ndili nawo ine, amamveka mpaka ku Ntengo-Wambalame.
Kuwomba m'manja. Anthu abwera ndi manja awo.

Pobwerera ndakwera chulu cha kumunda kwa apongozi kuti nditsegule pajina pa foni yanga. Redi, netiweki ya foni, imapezeka pamenepo pokha, ukaima ndi mwendo wakumanja patsogolo. Foni yalira. Uthenga: yandilandira ku Malawi. Ine ndili pa chulu cha apongozi anga, mapazi onse awiri ali mu Mozambiki, foni yokha yawoloka malire popanda chiphaso! Pofika poibweza, mamega onse a intaneti yadya ndi abale ake kumeneko.

Pamudzi pano pali maredi awiri, ya tenesi ndi ya foni, poti m'Chipwitikizi ukonde nawonso ndi redi. Onse ndi obooka.

Lachinayi

A Jasinta aika pajina m'kati mwa foni kuti izigwira ntchito popanda redi. Ndinali nditaganiza kale zimenezo, anangofulumira kulankhula.

Tsiku lonse lathera pa mayina.

Ndinaika la a Fabiyao pamwamba, la amalume pansi. Rozita wayang'ana: "Amalume anu pansi? Mlendo wochokera kutali?" Ndatembenuza. "Ndiye amalume anga pansi, pamudzi pawo?" Chabwino, akhale mbali ndi mbali. "Wakumanzere ndi ndani?" Epa! Munthu wamkulu sumupatsira chinthu ndi dzanja lamanzere, ndiye ungamukhazike kumanzere?

Ndayenda kuzungulira khola katatu. Nzeru yabwera ngati mphezi. A Fabiyao kumanja, poti ndi eni bwalo. Amalume kumanzere, koma zilembo zawo zikhale zonenepa. Aliyense akayang'ana aone kuti wamudya mnzake. Boma likanamva za mutu uwu likananditumizira galimoto.

Chinanso: a Jasinta anangolemba Fabiyao, Saize, osaika a. Ngati akuitana ana m'kalasi! Ndakonza ndekha. Kachilembo kamodzi, koma kapulumutsa banja.

Chithunzi cha wopambana tachotsa. Cha a Fabiyao chimene tili nacho ndi cha pa chiphaso chovotera, akuoneka ngati angomva kuti ng'ombe yawo yafa.

Azungu a ku Ulaya ayambe adikira. Misewu ikonzedwe kaye.

Pa mndandanda wa Lolemba patsala nambala wani yokha. Koma nambala wani ndi nambala wani.

Chakumadzulo ndapeza Rozita kudimba akufesa anyezi pa nazale. Ndati, mayi a Nelito, mukufeseranji, si Lolemba tikunyamuka? "Ndikungofesa," akutero, osadzutsa mutu. Katundu amene wamanga mpaka lero: lichero limodzi, lobooka, limene amafuna kutaya kale.

Ndathirira nawo nazaleyo. Makeni sikisi okha. Ndikamathirira ine, mbewu zimamera ndi mantha.

Lachisanu

Tsiku loyesa. Bwalo lili kuseri kwa tchalitchi, pamene timapunthira nyemba. Ndasesa, ndalemba mizere ndi phulusa, yowongoka ngati msewu wa ndege. Galu wa akatekisita wagona pa mzere wapakati, ndalembanso.

Marakete enieni sakhudzidwa ndi munthu wamba. Ndiye Rozita watenga chivundikiro cha ndowa, a Jasinta mbale ya malata. Mpira ndi weniweni, wadazi ngati bondo.

CHIKONDI, CHIKONDI. Ndakuwa ndi mawu a pa wailesi.
Rozita wamenya, a Jasinta aphonya. Ndadina. 15! Osati 1515. Misozi yatsala pang'ono.
30. Kenako a Jasinta ayamba kubweza ngati akumenya mwana wosalemba homuweki, 15, 30, 40.
Rozita 40.
Foni yonse chikasu. DEUS.

Ndavula chipewa. Ndayendayenda nayo foni kuonetsa amayi amene amapita kumjigo. Mmodzi wachita chizindikiro cha mtanda.

A Jasinta okha sanasangalale. Atenga foni yawo, akwera chulu, akhalako nthawi yophika nyemba. Atsika akugwira nthiti.

"Alamu, si Deus. Ndi mawu a Chingerezi, dyusi. Amangotanthauza kuti alingana. Jogu sithera pamenepo, imapitirira mpaka wina apambane kawiri motsatizana."

Ndati mwina Chingerezi chinaba mawuwo kwa Apwitikizi. Akuti ayi. Ndati mwina foni yawo nayonso yawoloka malire ndipo ikunena za ku Malawi. Akuti ayi. Ndati nanga wansembe? "Wansembe ankangosewera mpira, alamu. Sankalalika."

Ndakhala pa chitsa. Tsopano ndikuona dzenje. Madala aja amadziwa kuti pambuyo pa dyusi jogu imapitirira. Ndi pomwe amasokonezera, ndi pomwe amakanganira, ndi pomwe rakete imakwerera padenga. Malo okhawo amene foni ikufunika, foni yanga ikufa n'kutchula dzina la Mulungu.

A Jasinta akuti ndi mizere itatu yokha ya kodigo, tikonza mawa m'mawa.

Mizere itatu! Ine mizere ya kachewere ndimaunda handiredi dzuwa lisanatuluke. Ndagona mtima uli m'malo.

Rozita waseka mpaka pothira madzi osamba. Akuti ngakhale Nelito wayamba kukuwa kuti Deus nkhuku ziwiri zikamalimbirana chitsononkho.

Loweruka

A Jasinta kulibe.

Aitanidwa mbandakucha ku msonkhano wa aphunzitsi, kompyuta anyamula. Asiya uthenga kwa Rozita: abwera mawa madzulo, ndipo "alamu asakhudze kanthu."

Ndakhudza.

Kodigo imatseguka ndi pa foni pomwe, ndinaona mmene amachitira. Koma zilembo zake ndi nthata, chala changa ndi kachewere wa giredi wani. Ndikafuna kufufuta chimodzi, zikupita zisanu. Ndapeza pamene palembedwa DEUS. Ndafufuta. Ndafufutanso kanthu kena kopindika kamene kanali pafupi, kankaoneka kopanda ntchito.

Pajina yonse yayera. Mbee! Mabotawu kulibe, mayina kulibe, ngakhale chikondi kulibe.

Thukuta, kunja kukuzizira chonchi.

Mwayi wake a Jasinta ananditumizira ina yosungira dzulo, akuti poti amandidziwa. Ndaitsegula. Zonse zabwerera. DEUS wabwereranso. Sindikhudzanso.

Amalume afika masana pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Ulendo wa ku Chidzolomondo si wamasewera, akuti msana wawo watsala pa mlatho wachiwiri. Kumbuyo amanga tambala wa apongozi, pachifuwa rakete yokulunga m'chitenje ngati khanda. Andiuza za kwathu: malata ali bwino, chitseko chadyedwa ndi chiswe pang'ono, mileme yaswana.

Akumana ndi a Fabiyao pabwalo. Moni wautali, wa manja awiri. Kenako:
"Mawondo ali bwanji, a Fabiyao? Ndamva mukuyendera ndodo."
"Ndodoyo ndi yothamangitsira akuba, a Saize. Mwafika bwino?"

Ndawaonetsa foni. Amalume aona zilembo zawo zonenepa, amwetulira. A Fabiyao aona kuti ali kumanja, amwetulira. Ndanena mokweza, anthu onse akumva, kuti foni sinama, chimene yanena chanenedwa. Onse awiri avomera, agwirana chanza. Pakamwa panga pamathamanga kusiya mutu kumbuyo, ndi chibadwa.

Mapulani atsopano:
1. Asafike fote-fote.
2. Wina apambane msanga. Aliyense. Ndilibe mbali.
3. Ndapatsa amalume mbatata yambiri kuti alemedwe.
4. Ndaganizanso, ndapititsa ina kwa a Fabiyao, kuti pasaoneke kukondera. Tsopano alemedwa onse mofanana. Nzeru zina zimabwera mopitirira.

Lamulungu

M'tchalitchi ndapemphera chinthu chimodzi chokha: Ambuye, lero musaonekere.

Anthu atuluka onse n'kuzungulira bwalo. A kwaya, amayi a chigwirizano, akatekisita ndi galu wawo. Ena achokera midzi ina atamva za foni yosanama. Anamva kwa ine. Andiikira mpando pamwamba pa ngolo kuti ndione bwino. Sindinakhalepo pamwamba chonchi chikwatirire.

CHIKONDI, CHIKONDI!

A Fabiyao ayamba. Mpira wadutsa pa bowo la ukonde, amalume akuti sizowerengedwa, onse atembenukira kwa ine. Ndadina la amalume. 15. Palibe wakangana. Foni yanena. Anthu awomba m'manja ndi manja awo.

A Fabiyao 15. A Fabiyao 30. Mpira walowa m'munda wa nandolo, tafuna anthu khumi. A Fabiyao 40! Amalume ali pa 15, akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo pa chitunda. Kamodzi kokha, bambo, kamodzi kokha! M'mutu mwanga ndafika kale ku Chidzolomondo, ndikusesa za mileme.

Amalume amenya mwamwayi, mpira wagunda thabwa la rakete n'kugwera kutsidya. 30.

A Fabiyao athamangira wina, nsapato yavuka, yapita patsogolo, iwo atsala. Mpira wadutsa.

Chala changa chaima m'mwamba. Maso onse a Tsangano ali pa chalacho. Ndadina.

Chikasu.

"Yati bwanji?" akufunsa amalume. Ndatsika pangolo, ndawapatsa ndi manja awiri. Awerenga. Apatsa a Fabiyao. A Fabiyao aitalikitsa, aiyandikitsa, apatsa akatekisita. Akatekisita awerenga mokweza: "Deus."



Ndikudikira rakete ikwere padenga. Sinakwere. Amalume avula chipewa. A Fabiyao ayang'ana amalume, akuti, "A Saize, zaka zonsezi timangoti dyusi, dyusi, n'kuyamba kutukwanana. Kodi timatchula dzina la ndani?"

Amalume akuti, "Wansembe uja ankati akanena mawu amenewa n'kuyang'ana kumwamba." Ine ndikuganiza ankayang'ana mpira woti auponye. Koma ndani anandifunsa?

Ndagwada pang'ono, ndati bambo, pali kolakwika pang'ono, mawuwo kwenikweni...

"Mkamwini, suja unati foni sinama?" akutero a Fabiyao.

Anthu onse: anatero! Pamsika anatero! Pachigayo anatero!

 Chabwino, ndati, ndiye poti palibe wopambana, jogu yatha, nditenge mipando?

"Sinathe," akutero a Fabiyao. "Ili m'manja mwa Mwini wake. Ife ndife yani kuti tiilande?"

Ndayang'ana amalume, magazi anga, mlongo wawo wa amayi anga. Akupukuta thukuta, nkhope ili ngati ya munthu amene wapulumuka m'madzi. "Lamulo ndi lamulo, mwana wanga. Jogu ithe kaye, nkhani pambuyo. Tidzaona chaka chamawa ngati Iye atabweze mpira."

Ndipo anyamuka atagwirana manja. Atagwirana manja! A kwaya ayambitsa nyimbo. Amayi ena alira. Apongozi akazi, amene chikwatirire amandilambalala panjira, atumiza mwendo wa tambala uja ndi chiwindi chomwe, akuti za mkamwini amene wayanjanitsa madala. A Fabiyao auza anthu kuti mkamwini wotere saperekedwa mwachisawawa, mudzi ungasauke. Mawu amenewo ndawasunga. Ndi oona.

A Jasinta afika dzuwa likupendeka. Amva nkhani yonse kwa Rozita, akhala pamkeka, agona chagada, adzuka, agonanso. Kenako atsegula kompyuta. Mizere itatu. Tiyi wanga asanazizire, yatha. Tsopano pajina imadziwa zonse: dyusi, wotsogola, wopambana. Ikugwira ntchito bwino kuposa za ku Ulaya.

Ndapita nayo kwa madala. Ali pakhonde, akumwa thobwa m'chipanda chimodzi. A Fabiyao akuti, "Yatsopanoyo sitikuidziwa. Ife tinagwirizana pa ija."

Amalume akunyamuka mawa. Ndawapempha akapake mankhwala chitseko chija.

Ndatsikira kudimba. Rozita ali pa nazale, Nelito akutola ziwala. Anyezi sanamere, koma dothi lili lonyowa bwino, mizere yake yowongoka. Wandipatsa keni. Pakona pakamwa pake pakugwedezeka. Ndati, mayi a Nelito, munkadziwa? Akuti, "Ine ndimangofesa."

Kunena zoona, kachewere wa kuno amandikonda. Fodya amadetsa manja. Ndipo munthu wotchuka sachoka pamalo mwadzidzidzi, anthu angadwale.

Mawa m'mawa ndinole khasu. Lichero lobooka lija ndalibweza pa msomali.

Mapontu a sabata ino, ndawerenga ndekha popanda foni:
Mileme ya ku Chidzolomondo, fote.
Ine, chikondi.